Kuchoka pa mtengatenga kufika pa mpweya wa m'tayala: mbiri ya katundu m'misewu ya Machinga ndi Balaka

Anzanga aphunzitsi ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi langa, mukudziwa kuti pa phunziro la mbiri yakale timatha nthawi yambiri pa mafumu, amishonale, atsamunda ndi zipani za ndale. Za katundu ndi mmene ankayendera timangozidumpha mwachangu, mwina chifukwa sizibwera kawirikawiri pa mayeso a MANEB. Chikhalirecho mbiri ya Machinga ndi Balaka ndi mbiri ya njira. Maboma awiriwa, omwe anali boma limodzi mpaka 1998, ali pamphambano. Wochokera ku Zomba kupita ku Mangochi amadutsa pa Liwonde ndi pa Ulongwe. Wochokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa kupita ku Lilongwe amadutsa pa Phalula. Wopita ku Ntaja, Nselema mpaka ku Chiponde amakhotera kum'mawa atangochoka pa Liwonde. Njanji yopita ku doko la Nacala nayo imapatukira pa Nkaya.

Lero ndikufuna tiyende ndi mbiri imeneyi kuchokera pamene katundu ankakhala pamutu pa munthu kufikira pano pamene wakhala pamwamba pa mpweya wa m'tayala. Pamapeto pake ndikamba za kachipangizo kamene kamauza dalaivala kuchuluka kwa mpweya m'matayala galimoto ili paulendo, makamaka kwa amene amakoka ngolo kumbuyo. Ambiri mwa inu ophunzira anga akale tsopano ndinu madalaivala a mathiraki, ena muli ndi mapikapu okoka ngolo za thonje ndi feteleza, ena mumanyamula alendo oona malo. Nkhaniyi ndi yanu, ndipo ikukhudza moyo wanu.

Katundu ali pamutu

Azungu asanafike, njira za malonda zinalipo kale. Amalonda a Chiyao ankadutsa dera lino ndi minyanga ya njovu, ndiponso akapolo, kupita kugombe la nyanja ya mchere, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Zonsezi zinkayenda pamutu ndi paphewa. David Livingstone ndi mnzake John Kirk atafika ku nyanja ya Chilwa mu April 1859, kenako ku nyanja ya Malawi mu September chaka chomwecho, anayenda wapansi m'njira zomwezo, katundu wawo atasenza anthu.

Mu 1875 amishonale a ku Scotland anabwera ndi sitima ya pamadzi yotchedwa Ilala. Pofika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kenako anailumikizanso kumtunda kwa mathithiwo. Inadutsa pamene lero pali Liwonde, n'kuwoloka nyanja ya Malombe mpaka kulowa m'nyanja yaikulu mu October chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo Shire wakumtunda anakhala msewu waukulu wa amishonale ndi a kampani ya African Lakes, yomwe inayamba mu 1878 ndipo anthu ankaitcha Mandala. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891, Harry Johnston anamanga malinga a asilikali m'mbali mwa njirayi, ndipo anamenyana ndi mafumu a Chiyao monga Liwonde ndi Kawinga pofuna kuti njira ikhale m'manja mwake.

Komabe mtsinje sunali wodalirika. Madzi a m'nyanja anayamba kutsika, ndipo cha m'ma 1915 Shire anasiya kutuluka bwino m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Sitima zinalephera kudutsa. Ng'ombe zokoka ngolo nazo sizinkakhalitsa m'chigwa chifukwa cha kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Apa mpamene mawu akuti mtengatenga anazika mizu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, amuna a m'dziko muno pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali, ndipo ambiri sanabwerere chifukwa cha njala, matenda ndi kutopa. Pa nthawi yomweyi mpamenenso boma linakonza msewu wa Zomba, Liwonde mpaka Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, kuti malole azitha kunyamula katundu wa nkhondo. Choncho tinganene kuti galimoto yonyamula katundu inalowa m'dera lino pofuna kupeputsa mtolo umene unkapha anthu.

Mpira ndi mpweya

Pamene makolo athu ankasenza mitolo, kutsidya kwa nyanja anthu ena ankalimbana ndi funso loti gudumu lingayende bwanji mopanda kugwedeza. Mu 1844 Charles Goodyear wa ku America analembetsa njira yophikira mpira ndi sulufule kuti usamanyembeterere kukatentha kapena kuuma gwa kukazizira. Mu 1845 mnyamata wa ku Scotland, Robert William Thomson, analembetsa tayala loyamba lopopa mpweya, koma anthu a nthawi yake sanalilabadire. Panadutsa zaka zoposa 40 mpaka mu 1888 pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto mumzinda wa Belfast, anapangira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga ka magudumu atatu. Nthawiyi njinga zinali zitatchuka, ndiye malonda anayenda. Mu 1891 abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala lotheka kuchotsa pa limu n'kulimata, ndipo mu 1895 anaika matayala a mpweya pa galimoto ya mpikisano wochoka ku Paris kupita ku Bordeaux n'kubwerera. M'zaka zomwezo a kampani ya August Schrader ku New York anapanga valavu ija timapoperapo mpaka lero. Wakabaza wa pa Balaka ndi dalaivala wa thanka ya mafuta amakumana pa kachitsulo komweko kamene kanapangidwa zaka zoposa 130 zapitazo.

Mbali ya mbiriyi imene sitiyenera kuiwala powaphunzitsa ana ndi yakuti mpira wa matayala oyambawo unachokera kuti. Wambiri unali wa m'tchire, wa ku Amazon ndi wa kuno ku Africa. Ku Congo, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium inalitenga ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, anthu ankakakamizidwa kukadula mitengo yoyanga ya mpira, ndipo midzi yolephera kukwanitsa mlingo inkalangidwa mwankhanza, ena kudulidwa manja kumene. Lipoti la Roger Casement la 1904 linathandiza kuulula zimenezi. Kuno kwathu nakonso mpira wa m'tchire unkagulidwa n'kutumizidwa kunja, ndipo mtundu wina wa chomera choyangachi akatswiri anautcha Landolphia kirkii pokumbukira John Kirk yemwe uja anayenda ndi Livingstone. Malonda a mpira wa m'tchire anagwa pamene minda ya mpira ya ku Asia inayamba kubereka, minda imene inachokera ku mbewu 70,000 zomwe Henry Wickham anatenga ku Brazil mu 1876. Kwathu kuno chotsalira cha nthawi imeneyo ndi munda wa mpira wa Vizara ku Nkhata Bay.

Malole oyambirira ankayendera matayala a mpira wokhawokha, opanda mpweya. Sankaphwa, koma ankayenda pang'onopang'ono ndipo ankakumba misewu. M'zaka za m'ma 1920 matayala a mpweya anafalikira ku malole. Mu 1946 kampani ya Michelin inalembetsa tayala la mtundu wa radial, lokhala ndi malamba a waya pansi pa mapazi ake, ndipo patangopita nthawi pang'ono matayala opanda chubu anayamba kugulitsidwa. Kusintha konseku kunachititsa kuti galimoto izinyamula zambiri komanso kuthamanga kwambiri. Koma kunabweretsanso chinthu chatsopano chofunika kuchiyang'anira. Chimene chimasenza katundu pa galimoto ndi mpweya, tayala ndi thumba chabe lousungira.

Njanji, nkhondo ya ku Mozambique ndi mathiraki

Kwa zaka zambiri katundu wolemera wa dziko lino ankayenda pa njanji. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 inapitirira kudzera pa Balaka mpaka ku Salima, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Tauni ya Balaka inakula chifukwa cha siteshoni ndi thonje. Ku Liwonde magalimoto ankawoloka Shire pa pantoni mpaka pamene anamanga Kamuzu Barrage mu 1965. Mu 1970 njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi inatsegulidwa, kulumikiza Malawi ku doko la Nacala. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko ankadutsa ku Beira kapena ku Nacala pa sitima.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inasintha zonse. Pofika 1984 njanji ziwiri zonsezi zinali zitasiya kugwira ntchito chifukwa cha kuphwasulidwa. Fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta zinakwera pa mathiraki opita ku Durban ndi ku Dar es Salaam, maulendo a makilomita masauzande. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome mu October 1992, njanji ya Nacala inakonzedwa, ndipo m'zaka za m'ma 2010 kampani ya Vale inamanga njanji yatsopano yochokera ku Moatize kudzafika pa Nkaya. Koma katundu wambiri amene anatsika pa sitima m'zaka za nkhondo sanakwerenso. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tinakula tikuona mathiraki a ngolo zazitali ngati chinthu chachibadwa, osadziwa kuti anabwera ndi nkhondo.

Masiku ano zokokedwa m'misewu yathu ndi zamitundumitundu. Pali ngolo za mathiraki, ngolo za mathirakitala, tingolo ta mapikapu, maboti opita ku Mangochi ndi Cape Maclear, ndiponso ngolo za ng'ombe zoyendera matayala a galimoto zakale. Palinso alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya amene amabwera ndi makalavani kapena magalimoto okhala ndi bedi ndi khitchini momwemo, kudzaona nyama ku Liwonde National Park, nkhalango yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la African Parks. Ngakhale njovu zinakwerapo ngolo. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwa kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 njovu 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu pa mathiraki. Kale anthu ankasenza minyanga pamutu kudutsa dera lomweli, pano njovu yathunthu yamoyo ikuyenda pamwamba pa mpweya.

Chifukwa chimene tayala limaphulikira

Aliyense woyenda pakati pa Liwonde ndi Balaka anaonapo zibenthu za matayala zitamwazika m'mbali mwa msewu. Ambiri timaganiza kuti tayala limaphulika chifukwa chopopa kwambiri. Anzanga ophunzitsa sayansi adzandivomereza kuti kawirikawiri vuto limakhala mpweya wochepa ndi katundu wochuluka. Tayala likachepa mpweya, m'mbali mwake mumapindika kwambiri nthawi iliyonse likazungulira. Tengani waya n'kumaupinda uku ndi uku, muona kuti ukutentha kenako uduka. Tayala nalo limatentha chimodzimodzi, mpaka mpira umalekana ndi malamba a waya aja. Mukaonjezerapo liwiro, phula wa mwezi wa October m'chigwa cha Shire, ndi mabuleki otentha potsika mapiri a pa Machinga kuchokera ku Zomba, tayala lofooka silichedwa kugonja.

Mpweya umasinthanso ndi kutentha. Pa galimoto yaing'ono, imene matayala ake amapopedwa mabaa 2 mpaka 2.5, kutentha kukakwera ndi madigiri 10 mphamvu ya mpweya imakwera ndi pafupifupi baa 0.1. Pa thiraki, imene matayala ake amafika mabaa 7 kapena 8, imakwera ndi pafupifupi baa 0.3. Baa imodzi ndi pafupifupi psi 14.5, kwa inu amene geji yanu imawerenga psi. N'chifukwa chake mpweya timayeza m'mawa matayala asanayende, ndipo si bwino kuphwetsako tayala lotentha poganiza kuti ladzaza kwambiri. Likazizira lidzapezeka lili ndi mpweya wochepa, ndipo mawa lake lidzatentha koposa.

Pa galimoto wamba dalaivala amamva tayala likayamba kuphwa, chiwongolero chimakokera mbali imodzi. Pa ngolo sizitero. Tayala la ngolo lili kutali, kulumikizana kwake ndi dalaivala ndi kachitsulo kokokera kokha. Likhoza kuphwa, kung'ambika, limu n'kuyamba kukhula phula, dalaivala akumvera wailesi. Pamene matayala ali awiriawiri, lamkati silioneka, ndipo likaphwa linzake limasenza katundu wa onse awiri mpaka nalo litatopa. Madalaivala akale anali ndi njira yawo, kutsika pa siteji iliyonse n'kumenya tayala lililonse ndi chitsulo, kumvetsera kulira kwake. Njirayi imagwira tayala lophweratu, koma khutu silingasiyanitse mabaa 8 ndi mabaa 6.5, ndiponso silimva msomali wolowa mutangonyamuka.

Chipangizo chobadwa pa maliro

Maganizo oti galimoto izidziyeza yokha mpweya anayambira pa magalimoto odula. Porsche 959 ya mu 1986 ndi imene imatchulidwa ngati galimoto yoyamba ya anthu wamba kukhala ndi chipangizo chotere, chomwe mwachidule amachitcha TPMS. Kwa zaka zingapo chinali chinthu cha anthu olemera. Chimene chinachifikitsa kwa aliyense ndi ngozi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, magalimoto a Ford Explorer ovala matayala ena a Firestone anayamba kugubuduzika matayala atasupuka mapazi ali pa liwiro. Ngozi zambiri zinachitika m'madera otentha, kum'mwera kwa America, ku Venezuela ndi ku Saudi Arabia. Ku America kokha anthu oposa 200 anamwalira. Mu August 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni kuti abwezedwe. Makampani awiriwa analozana zala, ndipo imodzi mwa mfundo zimene anakanganapo inali ya mpweya. A Ford ankalangiza psi 26 pomwe a Firestone anati pafunika psi 30. Nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act, limene Pulezidenti Bill Clinton anasaina mu November 2000. Kuchokera pa lamuloli, kuyambira September 2007 galimoto yaing'ono iliyonse yatsopano yogulitsidwa ku America iyenera kuchenjeza dalaivala mpweya ukatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Maiko a European Union anatsatira mu November 2014.

Onani tsono pamene panatsala mpata. Lamulo la ku America linakhudza magalimoto osapitirira makilogalamu 4,536. Mathiraki akuluakulu, magalimoto aakulu ogonamo aja ndi ngolo zonse zinatsala kunja, chikhalirecho ndi kumene dalaivala samva kanthu tayala likaphwa. Mpata umenewu ndi umene unabala malonda a zipangizo zogula padera n'kudziikira wekha. Ku Ulaya anautseka mochedwa, kuyambira July 2024 mathiraki, mabasi ndi ngolo zikuluzikulu zatsopano nazonso ziyenera kukhala ndi TPMS. Kwathu kuno magalimoto ambiri timagula ogwiritsidwa kale ntchito, ngolo zambiri ndi zakale kapena zowotcherera kwa amisiri a m'tauni, choncho amene akufuna chipangizochi ayenera kusankha yekha.

Posankha chipangizochi

Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Wina suyeza mpweya mwachindunji, umangowerenga liwiro la magudumu kudzera ku masensa a mabuleki a ABS, poti tayala lophwa limachepa msinkhu ndipo limazungulira mofulumira kuposa anzake. Mtundu umenewu umabwera ndi galimoto kuchokera ku fakitale, ndipo za ngolo imene mwakoka sudziwa chilichonse. Wokoka ngolo afunika mtundu wachiwiri, wokhala ndi sensa pa tayala lililonse, imene imatumiza uthenga pa mafunde a wailesi kupita ku kasikirini ka kutsogolo kwa dalaivala.

Masensawo aliponso awiri. Ena amamangidwa pa valavu kunja m'malo mwa kachivindikiro, ena amalowa mkati mwa tayala. Akunja ndi otchipa, mumaika nokha, batire lake ndi laling'ono ngati ndalama yachitsulo ndipo mumasintha likatha, komanso mungathe kuwasamutsa kuchoka pa ngolo ina kupita pa ina. Kuipa kwake, amaoneka. Amene amagona pa Liwonde kapena pa Chingeni thiraki ili panja asankhe okhala ndi kanati kokhoma kofuna sipanala yakeyake. Amakumananso ndi fumbi la Ntaja ndi matope a dzinja, ndipo kulemera kwawo kumatha kutopetsa valavu ya mpira, choncho ndi bwino kuika mavalavu achitsulo. Amkati sabedwa ndipo amamva bwino kutentha kwa mkati mwa tayala, batire lake limatha zaka zisanu kapena kuposerapo, koma likatha mumagula sensa yonse. Vuto lina ndi lakuti akonzi athu ambiri a matayala a m'mbali mwa msewu amachotsa tayala ndi zitsulo ndi hamala. Mukapanda kumuuza kuti mkati muli sensa, aiphwanya osadziwa. Kwa munthu wa ngolo imodzi kapena ziwiri woyenda m'misewu ya kumudzi, ine ndimaona kuti akunja ndi amene akugwirizana ndi moyo wathu. Kampani ya mathiraki ambiri yokhala ndi galaja yakeyake ingapindule ndi amkati.

Chachiwiri, werengani magudumu. Zipangizo zambiri zotchipa ndi za matayala anayi basi. Pikapu yokoka ngolo ya ma ekiselo awiri ili ndi matayala 8, osawerengera sipeya, ndipo thiraki ya ma ekiselo 6 imakhala ndi 22. Gulani chimene chingalandire onse, ndi sipeya yemwe, chifukwa sipeya wophwa amadziwika tsiku la tsoka. Chabwino ndi chimene chimalola kuchotsa ngolo pa sikirini mukaimasula, kuti chisamalire chabe.

Chachitatu, onani mlingo wa mpweya umene sensa ingayeze. Sensa yopangidwira galimoto yaing'ono singathandize pa tayala la mabaa 8, lomwe likatentha limakwera kuposa pamenepo.

Chachinayi ndi mtunda. Uthenga wa sensa ndi wofooka, ndipo pakati pa ekiselo yomaliza ndi dalaivala pali zitsulo ndi katundu. Ngolo ikakhala yaitali pamafunika kachipangizo kolandira uthenga n'kuukuza, kamene amakatcha repeater, koikidwa chapakati. Musanalipire funsani ngati kali m'bokosi momwemo. Onetsetsaninso kuti chipangizocho chimachenjeza sensa ikasiya kulankhula. Sikirini yongosonyeza nambala yakale pamene sensa inagwa kalekale pa Ulongwe ndi yoopsa kuposa kukhala opanda kanthu. Dziwaninso kuti masensa ena amalankhula pa 315 MHz ena pa 433 MHz, ndipo ngakhale a mafunde ofanana sagwirizana ngati ali a makampani osiyana. Gulani zonse pamodzi, ndi sensa imodzi kapena ziwiri zapadera.

Chachisanu, chenjezo likhale la mitundu inayi: mpweya wochepa, mpweya wochuluka, kuphwa kwadzidzidzi ndi kutentha. La kutenthali ndi lofunika kwambiri pa ngolo chifukwa limathanso kukutsinani khutu pamene buleki yagwira kapena beringi yauma girizi. Mlingo wochenjezera uzitheka kusintha pa ekiselo iliyonse, poti matayala a galimoto ndi a ngolo sapopedwa mofanana. Mlingo woyambira muutenge pa kachikwangwani ka pa chitseko cha galimoto kapena ka pa ngolo, molingana ndi katundu. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi ya pamene tayalalo lasenza katundu wake womaliza.

Zimene chipangizo sichingachite

Chipangizochi chimayeza mpweya ndi kutentha basi. Sichidziwa zaka za tayala. Ambiri timagula matayala a kaunjika chifukwa atsopano ndi odula, ndipo sindikunyoza aliyense, thumba ndi limene limalamula. Koma pa tayala lililonse lokhala ndi chizindikiro cha DOT pali manambala anayi kumapeto, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Matayala a ngolo ndi a makalavani amakalamba mapazi akadali akuya, chifukwa amakhala miyezi ataima padzuwa kudikira nyengo yokolola kapena ya tchuthi. Ming'alu ya m'mbali, chotupa, kapena chigamba chomatidwa m'mbali mwa tayala, zimenezi zimafuna maso. Sichidziwanso kuti mwapakira matumba angati. Ndipo chikalira, amene amaponda buleki ndi munthu. Dalaivala wothamangitsidwa ndi bwana kuti afike msanga ku Mwanza akhoza kungochitseka pakamwa. Inu amene tsopano muli mabwana a magalimoto, mbali imeneyi ndi yanu.

Geji ya m'manja musaitaye. Ndi imene mumayezera ngati masensa akunena zoona, kamodzi pa mwezi kapena musananyamuke ulendo wautali.

Kwa anzanga aphunzitsi

Ndikuona kuti nkhaniyi ingatithandize m'kalasi. Wa mbiri yakale angayambire pa mtengatenga n'kufika pa nkhondo ya ku Mozambique, kusonyeza ana kuti thiraki imene ikudutsa kuseri kwa mpanda wa sukulu ili ndi chifukwa chake. Wa sayansi ali ndi chitsanzo cha malamulo a mpweya ndi kutentha chimene mwana aliyense wokwera njinga angachimvetse. Wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu angafunse ana chifukwa chimene lamulo la ku America linadikira kuti anthu afe kaye, ndi amene ayenera kuyankhapo pa chitetezo cha ngolo zoyenda m'misewu yathu, mwini wake, dalaivala, apolisi kapena a Road Traffic amene amapereka COF.

Tisaiwalenso kuti tayala la ngolo likaphulika, wovulala nthawi zambiri sakhala m'galimotomo. Amakhala wakabaza, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, kapena ana athu omwe amayenda m'mphepete mwa phula m'mawa uliwonse popita ku sukulu. Makolo athu anasenza katundu wa dziko lino ndi matupi awo, ndipo mtolo ukalemera ankaumva m'khosi. Ife tinautula pa mpweya umene sitiuona, choncho tiyenera kuuyeza. Amene angakwanitse kugula chipangizo agule choyenera ngolo yake. Amene sangakwanitse agule geji, ndipo aziyeza matayala onse m'mawa asananyamuke, ndi amkati omwe.